Kuika Batire la Lithium mu Snowmobile: Zochita Pang'onopang'ono

Tsiku limenelo tinali pa nyanja ya Winnipeg ku Canada, mu Januwale, titaweza nsomba kuyambira m'mawa pa chiboo chomwe tinaboola pa ayezi. Pofika 4 koloko dzuwa linali litapendeka kale, ndipo kuzizira kunali kutafika madigiri 30 pansi pa ziro. Ndinakwera pa snowmobile n'kudina batani la sitata. Injini inangoti kwe, kwe, kenako zii. Batirelo linali latsopano, la lithium, nditangoliika milungu itatu yapitayo. Mtima unandigunda, chifukwa kumtunda kunali kutali ndipo makina angawo alibe chingwe chokokera.

Bambo wina wachikulire amene ankapinda tenti yake chapafupi anabwera osathamanga n'komwe. "Musalimbane nalo," anatero. "Dikirani pang'ono, mudinenso. Likudzuka." Ndinadikira, ndinadinanso, ndipo ulendo uno sitata inazungulira mwamphamvuko. Kachitatu injini inalira.

Chimene bamboyo ankadziwa ndiye phata la malangizo onsewa. Batire la mtovu limayamba ndi mphamvu n'kumafooka mukamadinadina. La lithium, kukazizira, limayamba lofooka n'kumalimba likamagwira ntchito. N'lopepuka ndipo limakhalitsa, koma lili ndi khalidwe lake, ndipo munthu amene waliika m'makina asanalidziwe amadzalidziwira pakati pa nyanja youndana.

Kwa amene simunaionepo, snowmobile ili ngati njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa. Kutsogolo ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo kuli lamba wamkulu wa labala wokhala ndi mano, amene amakankha chipale. Joseph-Armand Bombardier wa ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec ku Canada, anatulutsa snowmobile yotchedwa Ski-Doo mu 1959. Ku Minnesota, ku America, kuli makampani opanga makinawa, Polaris ya ku Roseau ndi Arctic Cat ya ku Thief River Falls, ndipo ku Finland, mumzinda wa Rovaniemi, amapanga Lynx. Batire lake ndi la mavolti 12, lofanana ndi la njinga zamoto zikuluzikulu.

Yambani ndi kudzifunsa ngati mukulifunadi

Ma snowmobile ambiri amabwera ndi batire la mtovu la mtundu wa AGM, lotsekedwa losathira madzi, kukula kwake kotchedwa YTX20. Limalemera makilogalamu opitirira 6 ndipo limasunga magetsi okwana 18 Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga). La lithium lolowa m'malo mwake limalemera pafupifupi makilogalamu 2, ena osafika n'komwe. Ndiye kuti mwachotsa makilogalamu 4 kapena 5 pa makina olemera makilogalamu oposa 200.

Kodi zimenezi n'zambiri? Zimatengera komwe mumayenda. Amene amakwera mapiri a ku Revelstoke, ku British Columbia, komwe chipale chimafika m'chiuno, amawerengera kilogalamu iliyonse. Makina akatitimira munthu amawafukula ndi fosholo n'kuwakoka ndi manja, mwina kasanu pa tsiku, ndipo madzulo msana umanena zoona zake. Kwa anthu amenewa kupepuka ndi nkhani yaikulu, moti Ski-Doo inafika potulutsa njira yolizira injini yotchedwa SHOT pa makina ake a 2018, yopanda batire ndi sitata yomwe. Mumakoka chingwe kamodzi m'mawa, kenako tsiku lonse mumangodina batani, mphamvu ikuchokera m'kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi. Ngati makina anu ali ndi SHOT, nkhani ya batire lolizira injini siikukukhudzani.

Koma ngati mumangoyenda m'njira zosalazidwa za ku Ontario kapena ku Quebec, kapena mumakoka ngolo ya nkhuni ndi zida zowedzera, makilogalamu 4 simudzawamva. Phindu lanu lidzakhala lina: batire la lithium silitha magetsi msanga likangokhala, silifuna chaja mwezi ndi mwezi m'chilimwe, ndipo likasamalidwa limakhala zaka zambiri kuposa la mtovu. Mtengo wake nthawi zambiri umakhala kawiri kapena katatu.

Funso limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi lakuti, batire likakana muli ndi njira ina yolizira injini? Injini za snowmobile zili mitundu iwiri, two-stroke ndi four-stroke. Ma two-stroke ambiri ali ndi chingwe chokokera, choncho batire likagona mumakoka n'kumapita. Ma four-stroke ambiri alibe. Ngati anu ndi four-stroke, mumagona kuthengo, ndipo kwanuko kumafika madigiri 35 kapena 40 pansi pa ziro kawirikawiri, ine ndingakulangizeni kukhala ndi AGM yabwino. Ngati mwasankhabe lithium, musadumphe gawo lililonse la zotsatirazi.

Yezani magetsi amene makina anu amatchajira

Musanagule kalikonse, tengani mita yoyezera magetsi. Ikani pa DC, pa mavolti 20. Waya wofiira pamutu wa + wa batire lakale, wakuda pamutu wa −. Injini ili chithimire, batire la mtovu lodzaza limaonetsa 12.6 mpaka 12.8.

Tsopano lizani injini, koma konzekerani kaye. Ma snowmobile ambiri alibe giya ya fili ngati galimoto. Injini ikafika liwiro linalake, klatchi imagwira yokha lamba ndipo makina amanyamuka. Choncho kwezani kumbuyo pa chokwezera cholimba kuti lamba wamano asakhudze pansi, pasaime munthu kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo chala chanu chikhale pafupi ndi batani lothimitsira. Musachotse lamba wa pa klatchi poganiza kuti ndiye chitetezo, chifukwa klatchi yozungulira yopanda lamba ikhoza kuwonongeka n'kuvulaza munthu. Chitseko cha galaja chikhale chotsekula. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wosanunkha.

Werengani mita injini ikulira payokha, kenako onjezerani moto pang'ono, muwerengenso. Yatsani nyali ndi zotenthetsa zogwirira, muonenso. Chimene mukufuna ndi pakati pa 13.8 ndi 14.6, chosadumphadumpha.

Mukaona 15 kapena kuposa, imani pomwepo. Regulator yanu, kachipangizo koletsa magetsi otchajira kukwera mopitirira, yatha, kapena ndi ya mtundu wakale. Batire la mtovu limapirira zimenezi kwa nthawi ndithu, limangotentha n'kumauma pang'onopang'ono. La lithium silipirira. Lili ndi maselo anayi, lililonse malire ake ndi mavolti 3.65, onse pamodzi 14.6. Mukapitirira pamenepo, kachipangizo kotetezera ka m'kati kamadula, ndipo batire likadula injini ili kuyenda, magetsi akhoza kudumpha n'kuwononga kompyuta ya injini kapena nyali. Sinthani regulator kaye.

Mukaona pansi pa 13.4, batire la lithium silidzadzaza ngakhale muyende tsiku lonse. Pamenepa yang'anani magineto, amene amapanga magetsi injini ikamalira, mawaya ake ndi polumikizira, makamaka waya wa − pomwe wamangidwa ku chitsulo cha makina. Dzimbiri la pamenepo limanamiza anthu ambiri kuti batire latha.

Makina akale kwambiri, amene nyali zake zimawala ndi kuzilala potengera kulira kwa injini, asiyeni ndi batire la mtovu.

Fufuzani wakuba magetsi

Gawo ili ambiri amalidumpha, koma ndi limene limapha mabatire a lithium ambiri. Pali zinthu zimene zimayamwa magetsi ngakhale kiyi atachotsedwa: potchajira foni, kachipangizo kolondolera komwe makina ali, GPS yolumikizidwa mwachindunji ku batire, ngakhale kompyuta ya injini pa makina ena.

Thimitsani zonse, chotsani kiyi, masulani waya wa −. Sunthani waya wofiira wa mita mulowetse pabowo la 10 A, ndipo mita muiike pakati: waya umodzi pamutu wa − wa batire, winawo pa waya munamasula uja. Dikirani mphindi zingapo kuti kompyuta igone. Ngati mita ikuonetsa zochepa kwambiri, sinthirani ku mA kuti muone bwino. Mita ili chilumikizire chonchi musayerekeze kudina sitata, fyuzi ya m'mita imapsa nthawi yomweyo.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti pali chinthu chikuyamwa 20 mA, kapena kuti 0.02 A. Pa maola 24 chadya 0.48 Ah. Batire la mtovu la 18 Ah lingapirire masiku oposa 30 lisanatheretu. La lithium la 6 Ah limatha pasanathe milungu iwiri. Mwapita kutchuthi, mwabwerako, batire lili zii, ndipo mukuganiza kuti anakugulitsani lakufa.

Mukapeza kuti pali wakuba, zulani mafyuzi imodziimodzi mukuyang'ana mita. Imene mwazula nambala n'kutsika, wakuba ali kumeneko. Chinthucho chilumikizeni ku waya wolandira magetsi pokhapokha kiyi akayatsidwa, kapena chiikireni switchi yakeyake.

Kusankha batire

Mawu akuti lithium amaphimba mitundu ingapo. Umene mukufuna ndi lithium iron phosphate, wolembedwa LiFePO4 kapena LFP. Ndi womwewo umene uli m'mabatire ambiri atsopano a sola amene anthu akuika m'nyumba kumudzi. Unatulukira m'kafukufuku wa gulu la John Goodenough ku University of Texas ku Austin m'zaka za m'ma 1990. Ubwino wake ndi wakuti sugwira moto msanga ngati mitundu ya m'mafoni ndi m'malaputopu, komanso maselo ake anayi a mavolti 3.2 amapereka 12.8, zomwe zimagwirizana ndi makina a mavolti 12. Koma batire la sola musaliike mu snowmobile. Linapangidwa kuti lizipereka magetsi pang'onopang'ono usiku wonse, pamene sitata imafuna ma ampeya mazana pa masekondi ochepa.

Chachiwiri, lionetsetseni kuti lili ndi BMS m'kati. Kameneka ndi kabolodi kamene kamayang'anira maselo kuti adzaze mofanana, n'kudula magetsi akakwera kwambiri, akatsika kwambiri, kapena pakachitika shoti. Mabatire ena otchipa ali ndi kabolodi kongofananitsa maselo basi, kopanda kudula. Limenelo mukalisiya litheretu kamodzi kokha, selo limodzi likhoza kuwonongeka osabwereranso. Werengani pepala lake, mupeze pomwe alemba kuti limadziteteza magetsi akatsika. Mabatire ena a Antigravity ali ndi batani lotchedwa Re-Start: batire limadzigoneka lisanatheretu, n'kusunga mphamvu yolizira injini mukadina batanilo. Kuthengo chimenechi n'chothandiza kwambiri.

Chachitatu, ndipo apa khalani tcheru, ndi nkhani ya manambala a pabokosi. Makampani ena amalemba nambala yofanizira ndi batire la mtovu, osati kuchuluka kwenikweni kwa magetsi. Shorai, mwachitsanzo, imalemba PbEq pambali pa nambalayo. Batire lolembedwa 18 mwa njira imeneyi nthawi zambiri limakhala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nambalayo. Siakunama, akutanthauza kuti limaliza injini ngati la mtovu la kukula kumeneko. Koma winchi, nyali zowonjezera ndi wakuba magetsi uja sadya nambala yofanizira, amadya magetsi enieni. Fufuzani Ah yeniyeni. Ngati alemba Wh, gawani ndi 12.8: batire la 77 Wh ndi la 6 Ah.

Nambala ya CCA, yonena mphamvu yolizira injini kukazizira, nayo ili ndi nkhani yake. Pa batire la mtovu imayezedwa pa madigiri 18 pansi pa ziro, kwa masekondi 30, magetsi osatsika pansi pa mavolti 7.2. Opanga mabatire a lithium ambiri amapereka nambala yoyezedwa mwa njira zawo, kawirikawiri pamalo ofunda ndiponso kwa masekondi ochepa. Choncho musafanizire manambalawo ngati kuti ndi amodzi. Lamulo langa ndi lakuti, pa snowmobile gulani lalikulu kwambiri limene lingakwane m'malo mwake. Kusiyana kwa kulemera pakati pa laling'ono ndi lalikulu ndi theka la kilogalamu kapena kupitirira pang'ono, koma kusiyana kwake m'mawa wozizira n'kwakukulu zedi. Langa la pa nyanja lija linali laling'ono, ndinalisankha poyang'ana sikelo. Chaka chotsatira ndinaika lalikulupo.

Pomaliza yezani ndi tepi malo okhala batire, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo onani mbali yomwe kuli mutu wa +. Chilembo L m'dzina longa YTX20L chimanena za mbali yomwe mitu yakhalira. Mawaya a snowmobile ndi aafupi, mitu ikasemphana safika. Onaninso kuzizira kumene wopanga walola, kolizira injini ndi kotchajira, chifukwa manambala awiriwa amasiyana.

Chaja

Chaja yanu yakale mwina siyenera. Machaja ambiri a mabatire a mtovu ali ndi gawo lotsitsimutsa batire lakale, limene limaponya magetsi okwera kuposa mavolti 15 kuti liswe zokakamira pa mbale za mtovu. Pa lithium zimenezi n'zowononga. Gulani chaja yolembedwa kuti ndi ya LiFePO4, kapena yokhala ndi batani losankhira lithium. OptiMate, CTEK, NOCO ndi Battery Tender onse ali ndi mitundu yotero. Ngati n'kotheka sankhani yotha kudzutsa BMS ikadula, chifukwa machaja ena akaona mavolti ali pafupi ndi ziro amakana kuyamba.

Batire latsopanolo litchajeni m'nyumba mofunda mpaka lidzaze musanaliike. Sililowa m'bokosi lili lodzaza.

Kuliika

Konzani sipanala ya 10, sikuludiraiva, sandipepa wosalala, girisi wa mawaya amagetsi ndi masiponji olimba. Mabatire ambiri a lithium amabwera ndi masiponji omatira m'bokosi momwemo. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Kiyi achoke, batani lothimitsira likhale lodinidwa.

Batire limakhala malo osiyanasiyana: pansi pa mpando, kuseri kwa mpando, kapena m'mbali mwa injini mukatsekula chivundikiro. Mukalipeza, lijambuleni ndi foni musanakhudze waya aliyense. Pamutu wa + pamakhala mawaya awiri kapena atatu, ndipo kakang'ono kamagwera pansi osaoneka.

Masulani wa − poyamba, n'kumupinda kutali kuti asabwerere pamutu. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chonse cha makina chalumikizidwa ku −. Mukayamba ndi + sipanala n'kukhudza chitsulo, pamathetheka moto wotha kusungunula sipanalayo. Wa − akachoka, ngozi imeneyi palibenso. Kenako masulani wa +, chotsani lamba kapena chitsulo chomangira, ndipo tulutsani batire lakale osalipendeketsa.

Pukutani malowo. Ngati pali zoyera zangati ufa za asidi, tsukani ndi madzi osakaniza soda wophikira, muumitse. Kwechani mphete za mawaya ndi sandipepa mpaka ziwale.

Ikani latsopano muone mpata wotsala. Apa musachite ulesi. Snowmobile imadumpha pa mabampu oundana tsiku lonse, ndipo batire logwedera limathyola mitu yake, limakhula mawaya, mwinanso kusweka m'kati. Ikani masiponji pansi kaye kuti mitu ifike msinkhu umene inali pa lakale, kenako m'mbali. Mangani lamba, ligwireni ndi dzanja mulikankhe uku ndi uku. Likasuntha ngakhale pang'ono, onjezerani siponji. Onaninso kuti chitsulo chomangira sichikuyandikira mutu wa +.

Tsopano lumikizani mobwerera: wa + poyamba, wa − pomaliza. Waya wamkulu wa sitata ndiye akhale pansi, wokhudza mutu wa batire, ting'onoting'ono tikhale pamwamba pake. Onani kutalika kwa bawuti. Yaitali kwambiri imafika pansi isanapane mawaya, inu n'kumaganiza kuti mwamanga. Mangani zolimba koma osakakamiza, chifukwa mazinga a m'mitu imeneyi ndi ofewa. Pakani girisi pang'ono pamwamba, bwezerani kachipewa kofiira ka labala pamutu wa +.

Pamene zonse zili potseguka, ikaninso kawaya kotchajira kokhala ndi fyuzi yake, n'kukatulutsira pamalo ofikika, kuti potchaja musamachotse mpando.

Yezani ndi mita injini isanalire. Batire lodzaza limaonetsa 13.3 kapena kupitirira pang'ono. Lizani injini monga munachitira poyamba paja, muone ngati zikadali pakati pa 13.8 ndi 14.6. Mukayenda ulendo woyamba, bwererani ku mabawuti aja ndi sipanala. Nthawi zambiri amakhala atamasuka pang'ono.

Chinthu chimodzi muchiloweze: manambala amene munazolowera asintha. Pa batire la mtovu 12.8 amatanthauza lodzaza. Pa la lithium 12.8 amatanthauza kuti latsala pang'ono kutha. Magetsi ake amakhala pafupi ndi 13.2 kwa nthawi yaitali, kenako amagwa mwadzidzidzi. Silichenjeza ndi kufooka pang'onopang'ono ngati la mtovu. Mukaona 13.0 injini ili chithimire, tchajani.

Kuliza injini kukazizira kwambiri

Kuzizira kumachedwetsa kayendedwe ka lithium m'kati mwa maselo, ndipo batire limavutika kutulutsa mphamvu ngakhale lili lodzaza. Koma kuvutika komweko kumatulutsa kutentha m'kati mwake magetsi akamadutsa. Ndiye chifukwa chake likamagwira ntchito limadzitenthetsa lokha, n'kumalimba.

Ngati pa makina anu nyali imayaka injini isanalire, iyatseni kwa masekondi 30 kapena mphindi imodzi. Kukazizira koopsa, mphindi ziwiri kapena zitatu. Pa ma snowmobile ambiri nyali imayaka pokhapokha injini ikalira, choncho sitata yomweyo ndiyo yodzutsira. Dinani masekondi atatu mpaka asanu, siyani. Dikirani masekondi 30 kapena mphindi imodzi kuti kutentha kufalikire m'maselo onse. Dinaninso. Tcherani khutu: ngati ulendo uliwonse sitata ikuzungulira mwamphamvu kuposa wapitawo, zili bwino, pitirizani. Ngati pofika kachinayi kapena kachisanu ikucheperachepera, batire latha magetsi, ndipo kudinabe kungochititsa kuti BMS idule. Musagwire batani kwa nthawi yaitali poganiza kuti mwina igwira. Sitata imatentha msanga, ndipo batire laling'ono lilibe magetsi otaya.

Vuto lalikulu kuposa kuliza injini ndilo kutchaja. Selo la lithium likamatchajidwa lili lozizira pansi pa madigiri ziro, lithium m'malo molowa m'malo mwake imakhazikika pamwamba ngati chitsulo. Zimenezi sizibwerera. Batire limachepa mphamvu mpaka kalekale, ndipo zikachuluka zikhoza kuyambitsa shoti m'kati. Choncho batire loundana musaliike pa chaja ya pakhoma. Lilowetseni m'nyumba, likhale maola angapo mpaka litafunda, mupukute chinyezi chimene chimachita mame pamwamba pake, kenako mutchaje.

Mwina mukufunsa kuti, nanga injini ikalira kunja kozizirako, magineto sayamba kutchaja nthawi yomweyo? Amayambadi. Chimene chimathandiza ndi chakuti batire limakhala litadzitenthetsa polimbana ndi sitata, ndipo mabatire ena ali ndi BMS yoletsa kutchaja kukazizira kwambiri, ena ali ndi chotenthetsera m'kati. Inu mbali yanu ndi iyi: injini ikalira isiyeni ilire payokha mphindi zingapo musanaonjezere moto, zomwenso injiniyo imafuna. Ndipo usiku umene anena kuti kuzizira kupitirira madigiri 25 pansi pa ziro, makina akugona panja, chotsani batire mugone nalo m'nyumba. Limalemera ngati paketi ziwiri za shuga, silivuta kunyamula. M'mawa mukaliika lili lofunda, injini imalira kamodzi. Amene amachita zimenezi kawirikawiri amaika pulagi yaikulu ya mtundu wa Anderson pa mawaya kuti asamavutike ndi sipanala zala zili zouma ndi chisanu.

Kuyambira tsiku la pa nyanja lija, ndimayenda ndi kabatire kothandizira kuliza injini m'thumba la m'kati mwa jekete, pafupi ndi thupi. M'chikwama cha kumbuyo kwa makina kamazizira mofanana ndi batire limene kakufuna kuthandiza.

Likangoti zii

Tsiku lina mudzadina batani osamva kalikonse, mita n'kuonetsa mavolti ochepa kwambiri kapena ziro. Kawirikawiri sikuti batire lafa, BMS yadula podziteteza. Onani fyuzi yaikulu ndi mabawuti kaye. Ngati zili bwino, dinani batani lodzutsira ngati lilipo, apo ayi lipititseni pofunda muliike pa chaja ya lithium.

Musalilumikize ku galimoto imene injini yake ikulira. Batire la lithium lopanda kanthu limameza magetsi onse amene lapatsidwa, ndipo galimoto imapereka ochuluka kuposa amene maselo ang'onoang'onowa angalandire, makamaka ali ozizira. Ngati palibiretu njira ina, tsatirani zimene buku la batire lanu lanena, ndipo galimotoyo ikhale chithimire.

Batire likatupa, likang'ambika, likatentha lokha kapena likamatulutsa fungo lachilendo, musalitchaje ndipo musalibwezere m'makina. Liikeni panja, pa simenti, kutali ndi petulo ndi nkhuni, mpaka mutalipititsa kumalo olandira mabatire otha.

Chipale chikasungunuka

Pofika Epulo makina amalowa m'shedi mpaka Disembala. Tchajani batire, masulani waya wa −, kapena lichotseni mulisunge pamalo ouma, osatentha kwambiri. Shedi ya malata imene imawotcha mu Julaye, mwezi wotentha ku Canada, siyabwino, kutentha kumakalambitsa lithium msanga. Silifuna kukhala pa chaja miyezi yonseyi. Liyezeni ndi mita pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo likatsika kufika 13.1 mulitchaje pang'ono.

Batire lakale la mtovu lija musalitaye m'zinyalala, muli asidi ndi mtovu. Masitolo ogulitsa mabatire ndi malo a boma olandira zinyalala zoopsa amalilandira. Koma ngati likadali ndi moyo, ine ndimati lisungeni nyengo imodzi ya chisanu, lili pa chaja yake yakale m'galaja. Mukakonzekera ulendo wa masiku angapo kumpoto, komwe usiku kumafika madigiri 40 pansi pa ziro ndipo kulibe nyumba yofunda yogonekamo batire, kulibwezera m'makina ndi ntchito ya mphindi 10, bola musaiwale kuchotsa masiponji aja kaye.